Kebulo ndi ya XLR, nanga masipika akung'ung'udziranji?

Wazokuzira Chipoka:
Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru. Mikisa ili kumbuyo kwa holo, ampu ili kutsogolo pafupi ndi masipika, pakati pake mamita 30, ndipo chilichonse chili pa soketi yakeyake. Kebulo ndi ya XLR, ija ya mapulagi a mapini atatu, yatsopano. Koma masipika akungoti mmmm osapuma, ndipo laputopu ikangolumikizidwa ku chaja pakubweranso kulira kwina ngati njuchi. Paja amati XLR imapha phokoso, ndiye apa zalakwika pati?

Fundi Kamuzu Road:
Tisanaimbe mlandu kebulo, achimwene, yambani mwayesa ampu payokha. Zulani zonse zolowa, pa malo olowera mawu mulumikize pakati ndi kunja ndi kawaya kakafupi kuti pasakhale potseguka, kenako kwezani voliyumu. Ikapitiriza kung'ung'udza, vuto lili m'kati mwake, kawirikawiri makapasita akuluakulu aja a 10,000 µF auma. Kulira kwa makapasita kumakhala pa 100 Hz, chifukwa madayodi anayi aja amawadzaza kawiri pa kuzungulira kumodzi kwa magetsi a ESCOM a 50 Hz. Ikakhala chete, phokoso likulowera pa kebulo. Mutiuzenso kuti kumbuyo kwa ampu kuli polowera potani.

Wazokuzira Chipoka:
Payokha ili zii. Kumbuyo kwake kulibe XLR, kuli RCA basi, timasoketi tozungulira tija tolandira pini imodzi pakati, ndiye kumapeto kwa kebulo kuli kachosinthira kochoka XLR kupita ku RCA.

Fundi Kamuzu Road:
Wakuba wapezeka. Zulani kebulo mbali zonse koma kachosinthirako kakhale pompo. Mita ikhale poyesa ma ohm, muyese pini 1 ndi pini 3 kumapeto kwa ku mikisa. Muona 0 kapena ma ohm ochepa chabe a waya.

Wazokuzira Chipoka:
Ikuwerenga 2.6 ohm, ndipo ikulira.

Mayi Mphunzitsi:
Ndiye kebulo yanu ili ndi mawaya atatu koma ikugwira ntchito ngati ya awiri. Ndilongosole bwino, chifukwa funsoli limabwera pa gulu pano mwezi ndi mwezi.

Pa XLR, pini 2 ndi pini 3 ndi mawaya awiri opotana amene amanyamula mawu. Pini 1 ndi ukonde wa waya wokuta kunja uja, shield. Polowera pa ampu kapena pa mikisa pamene pali balanced (polandira mawu pa mawaya awiri ofanana) sipayang'ana kuti pini 2 ili pa mavoti angati kuchokera ku ethi. Pamangoyang'ana kuti pini 2 yasiyana bwanji ndi pini 3. Kusiyanako ndi kumene m'mabuku amati differential: V2 kuchotsapo V3. Zimene mawaya awiriwo anyamula mofanana ndi zimene amati common-mode: V2 kuphatikiza V3, kugawa pawiri.

Tiyerekeze pa kanthawi kena pini 2 ili pa 1.002 V, pini 3 ili pa 0.998 V. Differential ndi 0.004 V, kutanthauza 4 mV, amenewo ndiye mawu a m'busa kapena a MC. Common-mode ndi 1 V yathunthu, imeneyo ndi nyansi zimene waya watola panjira. Ampu yabwino imakuza 4 mV ija n'kusiya 1 V ija.

Ganizani sikelo ya mbale ziwiri ya ogulitsa mpunga. Muike kilo mbale iyi, kilo mbale iyo, sigwedezeka. Muonjezere kambewu kochepa mbali imodzi, yapendekeka. Koma musaiwale chinthu chimodzi, poti nkhani yonse yagona pamenepo: sikeloyo imakana kilo ndi kilo pokhapokha mikono yake iwiri ikhale yofanana kutalika. Mkono umodzi ukatalikako pang'ono, kilo ndi kilo zipendeketsa sikelo ngati pali katundu wina.

Kachosinthira kanu kamanga pini 3 ku pini 1, ndiye mbale imodzi yakhomeredwa pansi. Palibenso chochotsera.

Wophunzira Senga Bay:
Aphunzitsi, phokosolo kwenikweni limachokera kuti? Poti ethi ndi ethi, yonse ndi 0 V.

Mayi Mphunzitsi:
Papepala pokha. Waya wa ethi wa m'khoma uli ndi ma ohm ake, ndipo mumayenda timagetsi todontha kuchokera mu mafiriji, machaja ndi zina zolumikizidwa m'nyumbamo. Umayendanso moyandikana ndi mawaya a live ndi neutral amene amaupatsirako pang'ono. Choncho ethi ya soketi ya kumbuyo ndi ya kutsogolo zimatha kusiyana ndi mamilivoti angapo, mwina makumi angapo, pa 50 Hz. Mukalumikiza mabokosi awiriwo ndi shield ya kebulo mwatseka bwalo, magetsi ayamba kuyenda mu shield. Imeneyo ndiyo ground loop.

Tiwerengere. Tinene kuti ethi ziwirizo zasiyana ndi 50 mV. Pa RCA, shield ndi yomweyo imene ili njira yobwererera mawu, ndiye 50 mV imangophatikizana ndi nyimbo. Mulingo wa RCA ndi 0.316 V. Phokoso lili pansi pa nyimbo ndi 16 dB yokha (dB ndi muyeso woyerekeza kukula kwa masiginolo awiri), gogo wa kumbuyo kwa tchalitchi alimva bwinobwino. Pa balanced, 50 mV yomweyo imaoneka pa pini 2 ndi pini 3 mofanana. Ngakhale polowera pakhale pa pamsika pongochepetsa maulendo 50, patsala 1 mV, pamene mulingo wa mikisa ndi 1.228 V. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 62 dB. Kebulo ndi imodzimodziyo, chasintha ndi cholandira.

Wasola Dwangwa:
Ena amangothyola pini ya ethi ya pulagi ya ampu, phokoso n'kutha.

Fundi Kamuzu Road:
Limatha ndithu, ndipo ndi chifukwa chake anthu amakhulupirira. Koma imeneyo isachitike, bambo. Pini yaitali ya pamwamba ija ndi imene imaphulitsa fyuzi tsiku limene thiransifoma ya mu ampu yapsa n'kukhudza bokosi. Mukaithyola, 230 V ifuna njira ina, ndipo njira yake ndi shield, mikisa, chitsulo cha maiki, milomo ya woimba amene waima pa simenti yonyowa nthawi ya dzinja. Batani la ground lift pa DI box (kabokosi kosandutsa siginolo kukhala balanced) silidula ethi ya pulagi, limangodula pini 1. Zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Wasola Dwangwa:
Ndimafuna munene choncho poyera, chifukwa mapulagi odulidwa ali mbwee m'maukwati muno.

Wophunzira Senga Bay:
Ine ndili ndi china. Pa mikisa ina yaing'ono, kuika toni ya 1 kHz n'kuyesa ndi mita, pini 2 ndi pini 1 pali 0.6 V koma pini 3 ndi pini 1 palibe kanthu. Kalasi timaphunzira kuti pini 3 imanyamula siginolo yotembenuzidwa. Kodi mikisayo ndi yachinyengo?

Fundi Kamuzu Road:
Izime mikisayo mphwanga, uyese ma ohm pakati pa pini 3 ndi pini 1. Ukapeza kanthu ngati 50, 75 kapena 100 ohm, si yachinyengo.

Wophunzira Senga Bay:
75 ohm.

Mayi Mphunzitsi:
Imeneyo ndi balanced yeniyeni, ndipo apa ndi pamene mabuku ambiri a m'kalasi amasokoneza ana. Chimene chimakana phokoso si kutembenuza siginolo. Umboni wake ndi wapafupi: woimba akakhala chete palibe siginolo iliyonse, yotembenuzidwa kapena yosatembenuzidwa, koma phokoso likukanidwabe. Chofunika ndi chakuti impedance (ma ohm amene siginolo imakumana nawo) ya pini 2 kupita ku ethi ifanane ndi ya pini 3, kotulukira ndi kolowera komwe. Zikafanana, phokoso limagwera mofanana pa mawaya onse awiri, cholandira n'kulichotsa. Opanga mikisa yanuyo anaika rezisita ya 75 ohm pambuyo pa op-amp (IC yokuza siginolo) ku pini 2, n'kuikanso ina ya 75 ohm kuchoka pini 3 kupita ku ground. Mikono ya sikelo yafanana. Chimene mwataya ndi 6 dB ya mphamvu ya siginolo basi. Bill Whitlock, amene anali mkulu wa Jensen Transformers, wakhala akuphunzitsa mfundo imeneyi kwa zaka zambiri, koma anthu amakakamirabe chithunzi cha mafunde awiri otembenuzana chija.

Muyeso wa kukana kumeneku ndi CMRR (common-mode rejection ratio): gain (maulendo amene siginolo yakuzidwa) ya differential kugawa ndi gain ya common-mode. Maulendo 10 ndi 20 dB, maulendo 100 ndi 40 dB, 1,000 ndi 60 dB, 10,000 ndi 80 dB.

Wazokuzira Chipoka:
Ndamva mayi. Tsono ampu ya RCA imeneyi ndiitaye?

Fundi Kamuzu Road:
Ayi. Njira zilipo ziwiri.

Yachangu ndi thiransifoma ya mawu ya 1:1, ija amalemba 600 ohm. Pini 2 ndi pini 3 zipite ku koyilo yoyamba, koyilo yachiwiri ipite ku RCA. Pini 1 isalumikizidwe ku RCA. Thiransifoma imangomva magetsi odutsa m'koyilo kuchoka nsonga ina kupita ina, ndiye zofanana pa nsonga zonse ziwiri siziwoloka. Ikhale kumapeto kwa ku ampu, osati kwa ku mikisa, ndipo RCA yochoka pamenepo isapitirire mita imodzi. Mukaiika ku mikisa mamita 30 onse aja akhalanso unbalanced. Musaigoneke pamwamba pa ampu, maginito a thiransifoma yaikulu ya m'katimo alowa m'koyilo, phokoso n'kubwerera pakhomo lina. Tija tating'ono ta m'galimoto tokhala ndi RCA mbali zonse timathetsa phokoso, koma chitsulo chake n'chochepa, bezi ikakwera chimakhuta, mawu n'kuyamba kuphwanyika.

Yachiwiri ndi kumanga cholandira nokha. Op-amp imodzi, NE5532 kapena TL072, marezisita anayi a 10k a metal film. Kuti tisasokonezane, a XLR ndiziti pini, a IC ndiziti mwendo.
R1 ichoke pini 3 kupita mwendo 2.
R2 ichoke mwendo 2 kupita mwendo 1, kumene kukutulukira mawu.
R3 ichoke pini 2 kupita mwendo 3.
R4 ichoke mwendo 3 kupita ku ground ya ampu.
Mwendo 8 ku +15 V, mwendo 4 ku -15 V, ngakhale 12 V mbali zonse ikwana. Kapasita ya 100 nF pa mwendo 8 ndi ina pa mwendo 4 kupita ku ground, pafupi penipeni ndi IC. Potuluka ikani 100 ohm musanafike ku RCA. Theka lina la IC musalisiye lili lende: mwendo 6 ku mwendo 7, mwendo 5 ku ground. Pini 1 ipite ku bokosi lachitsulo pompo pamene soketi yamangidwa, isayende m'bolodi.

Wophunzira Senga Bay:
Datasheet ya NE5532 ikuti CMRR yake ndi 100 dB. Ndiye kabokosi aka kakhala ndi 100 dB?

Mayi Mphunzitsi:
Kutalitali. IC ndi yabwino, koma amene akulamula ndi marezisita. R2 kugawa R1 iyenera kufanana ndendende ndi R4 kugawa R3. Zikavuta kwambiri, CMRR imakhala gain kuphatikiza 1, kugawa ndi kanayi ka tolerance (mlingo umene rezisita ingaphonye nambala yake). Gain pano ndi 1. Marezisita a 5% aja a mzere wagolide: 2 kugawa 0.2, maulendo 10, 20 dB basi. A 1%: 2 kugawa 0.04, maulendo 50, ndiye 34 dB. A 0.1%: maulendo 500, 54 dB. Mwaona kuti 100 dB ija sitinaiyandikire n'komwe.

Ndiponso si marezisita a pa bolodi okha. Chilichonse chimene chaonjezeka mbali imodzi ya waya chimalowa m'chiwerengero. Tinene anayi aja afanana ndendende. Pini 3 yachita dzimbiri, monga zimachitira ndi chinyezi cha kunyanja kuno, n'kuonjezera 10 ohm. R1 yasanduka 10,010. Zotsatira zake, pa 1 V iliyonse ya common-mode patuluka 0.5 mV, ndiye 66 dB. Ikhale 100 ohm, mwatsikira ku 46 dB. Phokoso limene linali lofanana lasanduka losiyana lisanalowe n'komwe mu IC, ndipo likangosanduka palibe ampu padziko lino imene ingalisiyanitse ndi mawu.

Fundi Kamuzu Road:
A 0.1% ndi ovuta kupeza, koma pali kachenjerero. Gulani a 1% makumi awiri. Mita wamba pa 20k imaona mpaka 10 ohm, imeneyo ndi 0.1% kale. Sankhani anayi owerenga chimodzimodzi. Zilibe kanthu kuti onse akuwerenga 9.96 kapena 10.03, bola afanane. Musawagwire ndi zala zonse ziwiri poyesa, thupi lanu limalowa m'muyeso.

Kapena m'malo mwa R4 ikani 9.1k motsatizana ndi trimmer (rezisita yosinthika) ya 2k, ija yozungulira maulendo ambiri. Kutchuna kwake: mangani pini 2 ndi pini 3 pamodzi, lowetsani toni ya 50 Hz kapena 100 Hz ya pafupifupi 1 V kuchokera pa foni, pakati pa mapini omangidwawo ndi ground. Zungulitsani trimmer mpaka mawu atazimirira. Mita zotchipa zija zoyambira pa 200 V AC sizingaone mamilivoti, ndiye gwiritsani khutu: sipika yaing'ono, voliyumu pang'onopang'ono. Pamakhala kamalo kochepetsetsa pamene kulira kumati zii, mukapitirira kumabwereranso. Mukapeza dontezanipo utoto wa m'zikhadabo kuti isasunthe pa bampu za msewu wa M5.

Mayi Mphunzitsi:
Mukamaliza, yesani kachiwiri mutaika 10 ohm pa pini 2 yokha, kenako pa pini 3 yokha. Muyeso umenewo ndi umene umakuuzani za ku holo, osati za pa benchi.

Wasola Dwangwa:
Nanga njuchi za laputopu zija? Zimenezo si 50 Hz.

Fundi Kamuzu Road:
Chaja ya laputopu ndi switch-mode. M'kati muli kapasita yaing'ono, Y-capacitor, yolumikiza mbali ya 230 V ndi mbali yotulutsa. Pa chaja ya mapini awiri yopanda ethi, muyese ndi mita ya digito kuchoka pa chitsulo cha USB kupita ku ethi, mutha kuona mavoti oyandikira theka la 230. Magetsi ake ndi ochepetsetsa, osafika miliampu imodzi, n'chifukwa chake amangonyereza pa dzanja. Koma akapeza njira kudzera mu shield ya kawaya ka 3.5 mm kupita ku mikisa, amasiya kulira kwawo pamenepo. Mankhwala ake ndi passive DI box pafupi ndi laputopu, ground lift itadinidwa, kenako XLR kupita polowera maiki pa mikisa. Polowera maiki, osati pa line, poti DI imatsitsa siginolo ndi 20 dB kapena kuposerapo pang'ono.

Mayi Mphunzitsi:
Ndipo CMRR imatsika pamene frequency ikukwera, n'chifukwa chake njuchi za chaja ndi za inverter ya modified sine zimadutsa pamene 50 Hz yakanidwa. Kumtundako amene akulamula ndi makapasita. Ambiri amaika 100 pF pa R2 ndi ina pa R4 kuti atseke mawayilesi, ndipo ndi bwino kutero. Koma ziwirizo zikasiyana ndi 10%, pa 10 kHz simungapitirire 50 dB ngakhale marezisita akhale angwiro. Gulani a C0G, muwayese awiriawiri. Chotupa chija chimene chimakhala pa waya wa chaja ndi ferrite, ntchito yake ndi yomweyi: magetsi opita ndi obwerera amafafanizana m'kati mwake n'kudutsa mwaufulu, koma oyenda mbali imodzi pa mawaya onse amatsamwa.

Tit-tit-tit wa foni ikamalowa kolo ndi nkhani ina. Ameneyo ndi wayilesi ya GSM imene imayaka ndi kuzima maulendo 217 pa sekondi, matiranzisita olowera amaisandutsa mawu ngati dayodi. Trimmer singachite kanthu. Chofunika ndi shield yofika ku bokosi mwachidule. Neil Muncy analemba za vuto la pini 1 mu 1995, ndipo muyezo wa AES48 wa 2005 umanena zomwezo, kuti pini 1 ipite ku bokosi, osati ku ground ya bolodi.

Wamasikelo Linga:
Ndikuwerenga mwachidwi chifukwa sikelo za digito zoyezera mpunga ndi usipa ndi nkhani yomweyi. Load cell, kachipangizo komva kulemera mu sikelo, ndi mlatho wa marezisita anayi. Mukaipatsa 5 V, mawaya awiri a siginolo onse amakhala pa 2.5 V, ndipo ya 2 mV/V ikasenza katundu wodzaza amasiyana ndi 10 mV yokha. HX711 kapena AD620 imakuza 10 mV imeneyo n'kusiya 2.5 V. Pa AD620 gain ndi 1 kuphatikiza 49.4k kugawa RG, ndiye 499 ohm ikupatsani 100. Tsono madzi akalowa polumikizira n'kupanga njira ya 1 megaohm kuchoka waya umodzi wa siginolo kupita ku negative, pa mlatho wa 350 ohm waya umenewo utsika ndi 0.44 mV. Pa sikelo ya makilo 100 amenewo ndi makilo anayi ndi kanthu, ndipo amasinthasintha ndi chinyezi. Anthu amasintha bolodi pamene vuto ndi joini yokulungidwa ndi tepi.

Wasola Dwangwa:
Kwathu ku sola n'koopsa kuposa apo. Shanti (rezisita yoyezera ma ampeya) ya 100 A imatulutsa 75 mV ikadzaza. Mukaiika ku positive ya mabatire a 24 V, common-mode ndi 28 V nthawi yotchaja. Mumange cholandira cha marezisita anayi a 1% ndi gain ya 50: CMRR ndi 51 kugawa 0.04, maulendo 1,275. Gawani 28 V ndi 1,275, mupeza 22 mV yabodza, imene mita iwerenga ngati 29 A palibe chilichonse choyaka. IC ya INA226 inapangidwira zimenezi, imalola mpaka 36 V ndipo imayesa mpaka 81.92 mV, yokwanira bwino shanti ya 75 mV. INA219 imathera pa 26 V, ndiye pa 24 V yotchaja mwadutsa malire. Pa 48 V shanti ipite ku negative, kapena mupeze INA228 imene imafika 85 V. Timawaya toyesera tichoke pa timasikuluwu ting'onoting'ono ta shanti, osati pa mabawuti akuluakulu.

Mayi Mphunzitsi:
Mwakhudza chinthu chimene sindinanene. Kupatula CMRR palinso malire a common-mode amene IC imalola. Bwato limakwera ndi kutsika ndi funde popanda vuto, koma mwera ukakula limamira basi. LM358 imalola kuyambira 0 V mpaka 1.5 V pansi pa positive yake. TL072 yakale simafuna kuyandikira negative, miyendo yolowera ikafika mavoti ochepa kuchokera kumeneko zotuluka zimatha kutembenuka mwadzidzidzi. N'chifukwa chake TL072 pa batire imodzi ya 12 V, miyendo yolowera ili pa 0 V, sigwira ntchito, pamene LM358 imagwira.

Wophunzira Senga Bay:
M'kati mwa IC, chimene chimachotsa n'chiyani kwenikweni?

Fundi Kamuzu Road:
Tsegula ampu iliyonse ya 2SC5200 ndi 2SA1943, uyang'ane pafupi ndi polowera. Upeza timatiranzisita tiwiri tofanana, 2N5401 kapena 2SA733 kapena BC556, ma emitter awo atamangidwa pamodzi n'kudyera pa rezisita imodzi. Amati long-tailed pair, rezisitayo ndiye mchira. Alan Blumlein anailembetsa patenti ku Britain mu 1936, nthawi ya mavalavu. Mchira umapereka magetsi okhazikika, tinene 1 mA, awiriwo n'kugawana 0.5 mA aliyense. Base imodzi ikasiyana ndi inzake, mmodzi amalanda gawo la mnzake, zotuluka n'kusintha kwambiri. Ma base onse akasuntha limodzi palibe wolanda mnzake.

Mayi Mphunzitsi:
Manambala ake: gm, kusintha kwa magetsi a pa collector pa voti iliyonse ya pa base, ndi 0.5 mA kugawa 26 mV, pafupifupi 19 mA pa voti. Mukatengera zotuluka pa collector imodzi, CMRR ndi pafupifupi gm kuchulukitsa ndi mchira. Mchira wa 15k ukupatsani maulendo osakwana 300, cha m'ma 49 dB. Chotsani rezisita muikepo tiranzisita yachitatu ngati current source yooneka ngati 1 megaohm, mwafika maulendo 19,000, kupitirira 85 dB. Ndiyo ntchito ya katiranzisita kaja kokhala ndi LED kapena madayodi awiri pa base, kamene ena amati n'kokongoletsa.

Fundi Kamuzu Road:
Ndipo posintha, sintha onse awiri, mphwanga. Mu ampu, base imodzi imalandira nyimbo, inayo imalandira feedback kuchokera ku sipika kudzera pa 22k. Tiranzisita ya hFE (gain yake) 200 imakoka 2.5 µA pa base, ya 300 imakoka 1.7 µA. Kusiyanako pa 22k kukupatsa 18 mV ya DC ku sipika. Vbe, mavoti a pakati pa base ndi emitter, imasunthanso ndi 2 mV pa digiri iliyonse, ndiye awiriwo uwagundanitse nkhope ndi nkhope, uwamange ndi heat-shrink kuti atenthere limodzi. Kutentha kwa Okutobala ku Salima kukhale common-mode nakonso. Ukamaliza yesa DC potulukira sipika usanalumikize sipika: pansi pa 50 mV zili bwino. Ukaona mavoti athunthu, yang'ana kapasita ya 100 µF imene ili pansi pa 1k ya feedback, ikachita shoti gain ya DC imachoka pa 1 kufika 23.

Wasola Dwangwa:
Chenjezo kwa okonza timaampu ta 12 V ta TDA7297 ndi TPA3116 tija tadzaza m'mabenchi a sola. Kotulukira kwake ndi differential. Mawaya onse awiri a sipika amakhala pa theka la batire, 6 V, sipika imangomva kusiyana. N'chifukwa chake 12 V imatha kupereka mawati oyandikira 18 pa 4 ohm m'malo mwa anayi ndi theka. Waya wolembedwa minus si ground. Mukaugunditsa ku bokosi, kapena kumanga ma minus a kumanzere ndi kumanja pamodzi, kapena kukanikizapo kachingwe ka ground ka oscilloscope, mwachita shoti theka la IC.

Wazokuzira Chipoka:
Funso lomaliza akuluakulu. Batani la 48 V pa mikisa, lingaononge maiki wamba?

Mayi Mphunzitsi:
Pa kebulo yabwino ayi, chifukwa 48 V imeneyo, imene amati phantom, ndi common-mode yochita kufuna. 48 V imapita ku pini 2 kudzera pa 6.8k ndi ku pini 3 kudzera pa 6.8k inanso. Yesani: pini 2 ndi 1 mupeza 48 V, pini 3 ndi 1 mupeza 48 V, pini 2 ndi 3 mupeza 0. Koyilo ya kathiransifoma ka m'maiki ngati SM58 ili pakati pa 2 ndi 3, ndiye siona kanthu. Koma kebulo ikhale ndi pini 3 yogundana ndi pini 1 ngati kachosinthira kanu kaja, pafupifupi 7 mA ya DC idutsa m'maikimo, mawu n'kuyamba kuphwanyika. Ndipo laputopu kapena foni yolumikizidwa mwachindunji ku XLR phantom ili yoyaka imatha kupsa kotulukira mawu. Pa DI ya thiransifoma palibe vuto limenelo.

Wazokuzira Chipoka:
Ndabwereka thiransifoma ya 1:1, ndaiika ku ampu, pini 1 yosalumikiza ku RCA. Mmmm uja watha. Njuchi zatsala pang'ono chaja ikalowa, DI ndilibe pakadali pano. Komanso kebulo ina ya mamita 20 ikung'ung'udzabe pa maiki ngakhale mapini onse atatu akulira bwino pa mita, 1 ku 1, 2 ku 2, 3 ku 3.

Fundi Kamuzu Road:
Pa laputopu, lero iyendere batire pa nthawi ya mwambo, muzitchaja popuma. Kebulo ya mamita 20 ija tsegulani mapulagi onse awiri muone. Mita imangokuuzani kuti pini yafika ku pini, sikuuzani kuti yadzera waya uti. Nthawi zambiri mupeza wowotcherera anaika shield pa pini 2 mbali zonse ziwiri, waya wa m'kati n'kuuika pa pini 1, poti manambala a pulagi yaimuna ndi yaikazi amakhala motembenuzana. Mukapeza ili bwino pamenepo, sendani pang'ono muone ngati mawaya awiri a m'katiwo ndi opotana. Ina yotchipa amangowagoneka moyandikana, ndipo yotero ikadutsa pambali pa ekisitenshoni ya ku jenereta waya woyandikira umatola zambiri kuposa mnzake. Muisiyanitse ndi waya wa magetsi ndi theka la mita, ndipo pamene zikuyenera kudutsana zidutsane mopingasa.